Dazi, dimba la mpunga ndi ulendo wa ku Istanbul

Kalata ya mnyamata wina wa ku Nkhotakota yandisowetsa tulo. Ali ndi zaka 27, dazi layamba kudya pamphumi, ndiye akufunsa ngati kuli bwino kugulitsa dimba la mpunga lomwe bambo ake anamusiyira kuti akawoketse tsitsi ku Istanbul, m'dziko la Turkey, ukwati wake usanafike.

Achimwene, ine dazi linandipeza ndili ndi zaka 25, ndikuphunzitsa pa sukulu ina kuno ku Salima. Ndikatembenukira ku bolodi ana ankanong'onezana. Dzuwa la Okutobala la kunyanja kuno mukulidziwa, koma chipewa changa sichinali cha dzuwa ayi, chinali cha manyazi. Ndinagula mafuta kwa munthu wina pamsika, wolumbira kuti pakatha milungu itatu tsitsi limera. Anandiwaula paliwombo, matuza mbwee, mwezi wathunthu ndikugona chafufumimba. Tsono ululu wanu ndikuudziwa. Anthu amati dazi ndi chuma, ine mawu amenewo sandiseketsa. Mu 2017 ku Milange, m'dziko la Mozambique, amuna adazi anaphedwa chifukwa cha bodza lakuti m'mitu mwawo muli golide.

Koma dimba lokhalo musagulitse. Ndikukana ndithu.

Inu ndinu mlimi wa mpunga, mundimva msanga. Opaleshoniyi sipanga tsitsi latsopano, ndi kuwokera mbande basi. Dokotala amazula tsitsi kunkhongo, komwe DHT, homoni yomwe imabweretsa dazi, siilifooketsa, n'kukalibzala kutsogolo. Dokotala wa ku New York, Norman Orentreich, ndiye anasonyeza m'zaka za m'ma 1950 kuti tsitsi lakunkhongo limasunga mphamvu yake ngakhale lisamutsidwe. Koma nazale imeneyi pomwe mwazula sipameranso. Ndipo pa zaka 27 dazi likadali paulendo. Muwokera pamphumi lero, kumbuyo kwake kupitiriza kuthothoka, mutsala ndi kachilumba ka tsitsi, nazale itachepa, dimba litapita. Zotsatsa za pa Facebook zimenezi sizinena, ndipo zimandikwiyitsa momwe zimasakira anyamata athu pomwe pali bala.

Njira ziwiri zowokera tsitsi

Ya FUT amadula kachigamba kakatali ka khungu kunkhongo, n'kusoka, ndipo pamatsala chipsera cha mzere. Ife ometa mpala chimaonekera poyera. Ya FUE amazula timagulu ta tsitsi limodzi mpaka anayi ndi kachitsulo kozungulira, kosaposa milimita imodzi kawirikawiri, n'kusiya timadontho. Tsitsi lathu limapindika ngakhale pansi pa khungu, moti dokotala wosazolowera mitu ya anthu akuda amadula mizu yambiri pozula. Palinso zipsera zotupa zija, ma keloid. Mlongo wanga anangoboola khutu, mpaka lero chotupacho chilipo. Ngati kwanu mumatupa chonchi, mpeni usayandikire mutu wanu dokotala wa khungu asanakuoneni.

Yambirani kwa dokotala ameneyo. Mufunseni za minoxidil wopaka ndi finasteride wakumwa, omwe amachedwetsa kuthothoka ngati simukusiya kuwagwiritsa ntchito, ndipo akuuzeni zovuta zake. Za ukwatizo dziwani ichi: tsitsi lowokera limathothoka m'milungu yoyamba, limaphukanso pakatha miyezi itatu kapena inayi, ndipo kuti lidzaze pamapita chaka. Ukwati wa chaka chino sulipeza tsitsilo litadzaza. Auzeni akazi anuwo za dimbalo musanachite chilichonse, ndi mpunga wa ana anu umenewo.