Chifukwa chake tchizulo cha chitsulo chomangira sichikulimba

Achimwene ena osula zitsulo andilembera kuti tchizulo chomwe anasula kuchokera ku chitsulo wamba chomangira chikungopindika kukamwa, ngakhale anachiwotcha mpaka kufiira n'kuchiviika m'madzi katatu konse. Akufunsa ngati madziwo akufunika mchere.

Achimwene, vuto si madzi. Vuto ndi kuchepa kwa kaboni, chinthu chopezeka m'makala chimene chimalimbitsa chitsulo. Chitsulo chofewa ngati chomangiracho chimakhala ndi kaboni wosapitirira 0.25 peresenti. Mukachitenthetsa kupyola madigiri 727 a Celsius, mkati mwake mumayamba kusanduka austenite (mpangidwe wa chitsulo chotentha umene umamwa kaboni), koma kwa chitsulo chotere kusandukaku kumatha cha m'ma 870. Maginito amasiya kugwira chitsulo pa 770, ndiye amene amachotsa chitsulo pamakala maginito akangosiya, amachichotsa chisanapse.

Chikazizira pang'onopang'ono, austenite uja amabwerera kukhala ferrite (mpangidwe wofewa wopanda kaboni wambiri), wokhala ndi timadontho ta pearlite (tizigawo tolimbirapo momwe kaboni wasonkhana). Kulimba kumene mukufuna kumachokera ku martensite, mpangidwe wolimba kwambiri umene umapangika chitsulo chikazizira msanga, kaboni n'kutsekeredwa mwadzidzidzi asanapeze pothawira. Kaboni akachepa, ferrite amayamba kupangika kuzizira kusanafike mtima wa chitsulo, ndipo martensite wochepa amene wapangikayo salimba kwenikweni. N'chifukwa chake mafakitale amathiramo manganese, chromium, molybdenum kapena boron pang'ono, kuti ferrite achedwe kupangika ndipo martensite afike mpaka mkati. Pachipala simungathiremo zimenezi.

Ndipo ndikudandaula ndi chizolowezi chowotcha chitsulo mpaka kuyera pofuna kuti chilimbe kwambiri. Moto wopyola muyezo umakulitsa njere za mkati mwa chitsulo, ndipo chimathyoka msanga. Mukachithyola mudzaona pothyokapo pakunyezimira ngati shuga, m'malo mooneka mosalala ngati phulusa. Chotere chitenthetseninso mpaka kufiira bwino, muchisiye chizizire pamphepo, kawiri.

Ndiye mutani?

Yesani kaye pagirayinda. Chitsulo chofewa chimatulutsa nthethe zazitali zosaphulika kwambiri, cha kaboni wambiri chimathetheka ngati nyenyezi. Tengani sipuling'i yakale ya galimoto, imene imakhala ndi kaboni pafupifupi 0.6 peresenti. Maginito akasiya kugwira, onjezani moto pang'ono, muviike m'mafuta osati m'madzi, chifukwa madzi amaching'ambula. Tupa ikamaterereka osadya, chalimba. Pukutani kukamwako kuwale, mutenthetse pang'onopang'ono mpaka mtundu wa udzu wouma, cha m'ma 230, kuti chisamathyoke.

Ngati muli ndi chofewa chokhacho, chikwirireni mu ufa wa makala m'kabokosi kachitsulo komata ndi dongo, pa madigiri 900 kwa maola anayi, kenako muviike m'madzi. Khungu lolimbalo limakhala pafupifupi milimita imodzi, ndiye mukanola kangapo latha.