Funsani Aphunzitsi: Andiitana kukaphunzitsa Chingerezi ku Beira, ndinyamuke bwanji?

FUNSO

Zikomo Aphunzitsi. Ndine mtsikana wa zaka 27, ndili ndi dipuloma ya uphunzitsi, ndipo ndaphunzitsa Chingerezi zaka zitatu pasukulu ina yapulayiveti kuno ku Balaka. Malipiro ake amathera lendi ndi ufa. Msuweni wanga amene amayendetsa thiraki ya ku Beira, ku Mozambique, wandilumikiza ndi mwini sukulu ina kumeneko. Tayankhulana pa WhatsApp, akuti ndingopita, za mapepala tikakonzera konko. Ya ndege ndilibe, ndiyenda pa basi. Chibadwire sindinatulukepo m'dziko muno, komanso amayi akukana kuti ndipite. Ndikonzekere bwanji?

Mphunzitsi wa ku Balaka

YANKHO

Achemwali, kalata yanu ndaiwerenga kawiri, ndipo kawiri konseko mtima wanga waima pa mawu akuti "za mapepala tikakonzera konko." Ine ndinauzidwa mawu omwewo mu 2012, ndi mwini sukulu wina wa ku Beira komweko, munthu wansangala ndi wa pakamwa pokoma. Ndinadutsa pa boda ya Mwanza ndi chidindo cha mlendo, cha masiku 30. Ndikafunsa za chilolezo cha ntchito ankangoti "amanhã", kutanthauza mawa. Masiku atatsala pang'ono kutha ndinakwera basi kubwerera pa boda kukadinditsanso, ulendo wa masiku awiri kupita, awiri kubwera, ndalama ya m'thumba mwanga. Ndinachita zimenezi kawiri. Kachitatu malipiro anachedwa, ndinalibe yokwerera, masiku anapitirira, ndipo chindapusa chimene ndinalipira potuluka chinadya malipiro a miyezi iwiri. Kokadandaula ndinalibe, pakuti pamaso pa boma ndinali mlendo wodzacheza amene akugwira ntchito mozemba. Kenaka ndinapeza sukulu ina imene inachita zinthu mwa dongosolo, ndipo ndinaphunzitsa kumeneko mpaka 2018. Choncho sindikukuletsani. Ntchito iliko ndithu. Dziko lija chiyankhulo cha boma ndi Chipwitikizi, koma maiko onse amene lachita nawo malire amayendera Chingerezi, linalowa mu Commonwealth mu 1995, ndipo padoko la Beira munthu wodziwa Chingerezi sasowa pogwira. Makolo amalipira kuti ana awo achidziwe. Chimene ndikukana ndi kunyamuka zinthu zili pendapenda.

Dongosolo lake ndi ili. Sukulu ndi imene imapempha chilolezo ku unduna wa zantchito wa kwawoko kuti ilembe mlendo. Ikutumizireni kontirakiti yosainidwa ndi kalata yokuitanani. Inu mutenge zimenezo kupita nazo ku ofesi ya kazembe wa Mozambique ku Lilongwe, kapena ku ofesi yawo ya ku Blantyre imene ili pafupi ndi inu, mukapemphe viza ya ntchito. Mukafika ku Beira mupite ku Migração, ofesi yoona za olowa ndi otuluka, mukafunse za mapepala okhalira m'dzikomo; nthawi yanga chinali chiphaso chimene amachitcha DIRE. Musanalipire kalikonse kapiteni nokha ku Blantyre kuja mukafunse zimene akufuna chaka chino, muzilembe pa pepala. Mwini sukulu akamva kuti mukufuna kontirakiti kaye n'kuyamba kuzemba, mwadziwiratu mmene akanakusungirani.

Mu kontirakitimo muyang'ane zinthu zimene ine sindinayang'ane. Malipiro alembedwe mu meticais, ndalama ya kumeneko, komanso tsiku lolandirira. Nyumba alipira ndani? Mapepala okhalira m'dzikomo alipira ndani? Nanga mu December ndi January, sukulu zitatseka, mumalandira? Sukulu zambiri zapulayiveti zimalipira pa ola, ndiye ana akakhala pa holide inunso m'thumba muli gwa. Kumbukiraninso kuti chaka cha sukulu kumeneko chimayamba cha kumapeto kwa January kapena mu February, osati mu September ngati kuno. Musasiye ntchito ya ku Balaka musanawerengere miyezi ya pakatiyo.

Mapepala anu muyambe kusonkhanitsa lero: pasipoti yokhala ndi miyezi yoposa isanu ndi umodzi isanathe, setifiketi ya MSCE, dipuloma ndi zotsatira zake, kalata ya ahedi okuchitirani umboni, kalata ya apolisi yosonyeza kuti mulibe mlandu, ndi zithunzi zazing'ono zokwanira khumi. Maofesi a kumeneko amafuna zikalata zomasuliridwa m'Chipwitikizi ndi womasulira wovomerezeka. Chilichonse muchijambule pa foni, mudzitumizire pa imelo, kope ina musiyire amayi. Ndipo pasipoti yanu musapatse bwana aliyense kuti "akusungireni." Atsikana athu amene anakazunzika m'nyumba za anthu ku Oman, ambiri mavuto awo anayambira pomwepo.

Tsopano ulendo. Kuchokera ku Balaka mutsikira pa Zalewa, n'kukwera ya ku Mwanza. Mufike pa boda m'mawa, dzuwa lisanakwere. Mukadinditsa mbali ya kwathu pali kamtunda ndithu kuti mufike pa Zóbuè, mbali ya Mozambique, ndipo a kabaza amakhala ali pompo. Mtengo mugwirizane musanakwere. Akakudindirani musachoke pa windo musanaone kuti chidindo chalowadi ndi kuti tsiku alemba ndi loona. Osintha ndalama akuzingani ngati njuchi. Sinthani zochepa, zongokufikitsani ku Tete, ndipo womaliza kuwerenga mukhale inu. Mukawerenga, ndalamayo isabwererenso m'manja mwake ngakhale atati pali imene waiwala.

Minibasi kumeneko amati chapa. Ikutengani kudutsa Moatize, kwa migodi ya malasha, mpaka muwoloke Zambezi kulowa mu Tete. Kutentha kwa Tete musakuyerekeze ndi kwa Balaka. Mu October ndi November kumapitirira madigiri 40, usiku khoma limakhala likutenthabe. Mugule madzi a m'botolo okwanira. Mabasi a mtunda wautali amanyamuka m'bandakucha, cha m'ma 4 koloko, ndiye tikiti mugule masana omwe mwafikawo. Ine ndinkagona m'basi momwemo pamodzi ndi amayi ena apaulendo, chikwama ndatsamira, kusiyana ndi kuyenda mumdima kuchokera ku resitihausi. Kuchoka apo ndi makilomita pafupifupi 600: Changara, Guro, Catandica, Chimoio, mphambano ya Inchope, Nhamatanda, Dondo, kenaka Beira. Ndi tsiku lathunthu muli chikhalire. Basi imaima mwa apo ndi apo, nthawi zina patchire, ndiye chitenje chikhale pafupi. Pamarodibuloko apolisi amafunsa mapepala. Perekani moni, onetsani, dikirani abweze m'manja mwanu.

Msuweni wanu mwina anena kuti mukwere thiraki yake. Ine ndingati mum'patse katundu wolemera, mabuku, mbaula, zofunda, koma inu mukwere basi. Mathiraki amatha kugona pa boda masiku awiri kapena atatu kudikira mapepala a katundu. Pathupi panu pakhale chikwama chimodzi chimene mutha kunyamula nokha popanda wokusenzetsani, ndi kachikwama ka pamiyendo kokhala ndi mapepala, foni, tchaja, mankhwala ndi kamba wosasasa msanga monga mtedza wokazinga. Masoketi a kumeneko ambiri ndi a timabowo tiwiri tozungulira, pulagi yathu ya mano atatu siilowa, ndiye mugule adaputa. Neti musaiwale, Beira ndi malo achinyontho ndipo udzudzu ndi wosakamba. Ngati pali mankhwala amene mumamwa tsiku ndi tsiku, tengani a miyezi ingapo pamodzi ndi buku lanu la kuchipatala. Manambala a msuweni, a sukulu ndi a kunyumba muwalembe pa pepala, foni imatha moto kapena kubedwa. Ku Tete mugule simu ya Vodacom kapena Movitel, amalembetsa ndi pasipoti.

Kupatula ya ulendo, ndalama muigawe pawiri. Gawo limodzi ndi yobwererera kunyumba, muisokere m'kathumba ka m'kati ndipo musaikhudze ngakhale njala itavuta. Munthu amene ali ndi yobwererera amayankhula ndi bwana wake mutu uli chilili. Gawo lina likhale lokusungani mwezi ndi theka, poti malipiro oyamba sabwera tsiku limene mwafika.

Ngati mukunyamuka mu January, dziwani kuti ndi nthawi ya mvula ndi namondwe. Cyclone Idai itagunda Beira mu March 2019 ine ndinali nditabwerako, koma nyumba imene ndinkachita lendi denga lonse linapita, ndipo msewu wa cha ku Nhamatanda unaduka. Posankha nyumba funsani anansi kuti madzi amafika pati mvula ikagwa.

Chinthu chimene chidzakusungeni pantchito ndi Chipwitikizi. Ena amati mphunzitsi wa Chingerezi sachifuna. Ine ndikuti amachifuna kwambiri. Misonkhano ya aphunzitsi, malipoti, makolo obwera kudzafunsa za mwana, mwini nyumba, onsewo ndi Chipwitikizi. Yambani pano, mphindi makumi atatu tsiku lililonse: moni, manambala, masiku, mitengo ya zinthu. Simuyambira pansi penipeni ayi. Nsapato, chipewa, kalata, mbatata, kama, mawu onsewa abale awo mukawapeza m'Chipwitikizi. Pamsika mukamva Chisena, chomwe chija cha ku Nsanje, komanso Chindau. Ku Tete Chinyungwe mudzachimva ndithu mukatchera khutu.

Kudziwa Chipwitikizi kumathandizanso kuona pamene mwana wapunthwira. Akanena kuti "I have fifteen years" sikuti ndi mbuli, akumasulira mmene amanenera zaka kwawo. Mawu akuti "push" amawasokoneza chifukwa "puxar" kwawo ndi kukoka. "Library" amaiyesa sitolo ya mabuku. Chilembo cha h kumayambiriro kwa mawu sachitchula. Inunso mudziyang'ane. Ife Amalawi timasakaniza r ndi l, pamene iwo zilembo ziwirizi amazisiyanitsa bwino lomwe, ndipo ana adzamva msanga. Ine ndinkadzijambula mawu pa foni ndikuwerenga ndime, n'kumvetsera, mpaka lilime linawongoka. Malikisi kumeneko amachongera pa 20, wopeza 10 wakhoza. Sukulu zambiri zimaphunzitsa mosinthana, ena m'mawa, ena masana, akuluakulu usiku. Makalasi a usikuwo ndi amene ndinkawakonda: makalaliki a padoko, manesi, madalaivala, anthu obwera atatopa koma odziwa chimene adzera. Tengani dikishonale yabwino, buku limodzi la galamala limene mumalidalira, ndi timabuku ta nkhani zosavuta, poti mabuku a Chingerezi kumeneko ndi osowa komanso odula.

Za amayi, musalimbane nawo. Mantha awo ali ndi maziko, anaona okha anthu a ku Mozambique akuthawira kuno nthawi ya nkhondo imene inatha mu 1992, ndipo pa wailesi amamva za zigawenga za ku Cabo Delgado. Afotokozereni kuti Cabo Delgado ili kumpoto kwenikweni, kutali ndi Beira. Msuweniyo abwere akhale nawo pansi pamodzi ndi amalume. Kontirakiti ikafika muwawerengere, muwamasulire, muwapatse dzina la sukulu ndi dera limene mukakhale. Mugwirizane tsiku la pa sabata loimbirana foni, ndipo tsikulo musamaliphonye.

FUNSO

Aphunzitsi, pa Facebook ndaona otsatsa setifiketi ya TEFL, yophunzitsira Chingerezi kwa anthu a ziyankhulo zina, ya pa intaneti, akuti ukaipeza ntchito ku Asia ndi yosasowa. Ndili ndi digiri. Ndilipire?

Wowerenga wa ku Mzuzu

YANKHO

Achimwene, musanalipire yambani mwasankha dziko, muone ngati pasipoti yathu amailola pa ntchito imeneyi. South Korea, mwachitsanzo, viza ya aphunzitsi a Chingerezi imapereka kwenikweni kwa nzika za maiko asanu ndi awiri, ndipo mu Africa muno ndi South Africa yokha. Setifiketi ingakome bwanji, pamenepo siikuthandizani. Thailand ndi Vietnam amalemba anthu a maiko ena, koma amafuna digiri yotsimikizidwa ndi zotsatira za mayeso a Chingerezi monga TOEIC kapena IELTS.

Pa masetifiketi, yodziwika kwambiri ndi CELTA ya Cambridge, ya maola pafupifupi 120, imene mumaphunzitsa anthu enieni wina akukuonererani. Ndi yodula, ndipo imachitikanso ku Johannesburg ndi ku Cape Town. Za pa intaneti zilipo zabwino, koma iliyonse yosakwana maola 120, kapena yopanda gawo lophunzitsa pamaso pa wokuyesani, ine sindingaitayire ndalama. Otsatsawo akakuuzani kuti mutumize ndalama kuti akusungireni malo a ntchito, afunseni dzina la sukulu, mulembere sukuluyo nokha pa adiresi imene mwaipeza inu, mufunse ngati ikuwadziwa.