Anubias wanu sakufuna dzuwa, mwangomukwirira khosi

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Matawale kuno ku Zomba. Akuti anagula Anubias ndi Java fern, mbewu zomera m'madzi, atamva kuti sizilira kuwala kwambiri, n'kuzibzala mumchenga m'thanki yawo ya nsomba. Pasanathe mwezi masamba anayamba chikasu, ena n'kumathothoka. Poganiza kuti vuto ndi mdima anasunthira thankiyo pawindo, ndiye pano galasi lonse labiriwira ndi ndere. Funso lawo n'lakuti, "Ndalakwitsa pati?"

Mayi, musanathamangire kukagula babu ina, pisani dzanja m'madzimo muzule mbewuzo. Pakati pa masamba ndi mizu muona tsinde lonenepa, logona chammbali ngati kachidutswa ka jinja. Tsinde limeneli silikwiriridwa ayi, likakhala pansi pa mchenga limawola. Litsineni. Ngati lafewa ngati nthochi yakupsa ndipo likununkha, dulani ndi lezala mpaka mufike polimba. Kwawo kwa mbewuzi, Anubias m'mitsinje ya ku Cameroon ndi maiko oyandikana nawo, Java fern ku Southeast Asia, zimamera pamthunzi zitakakamira miyala ndi zipika. Inunso zimangirireni pamwala ndi ulusi wosokera wa thonje, koma osathinitsa. Pomwe ulusiwo uzidzawola, mizu idzakhala itagwira yokha.

Pawindopo thanki ichokepo lero lomwe. Anubias ndi wachidodo, tsamba limodzi limamutengera masabata angapo, ndipo dzuwa silimufulumizitsa. Kuwala kumene iye walephera kugwiritsa ntchito, ndere ndiyo imakondwera nako. Babu wamba ya LED yoyaka maola 6 mpaka 8 patsiku yakwana. Magetsi akathima usana wonse musati mubweze ngongole pousiya usiku wonse ukuyaka. Tsiku limodzi kapena awiri amdima sapha mbewu zimenezi. Fetelezanso muyambe mwamuiwala, zotuluka m'nsomba zikukwanira pakadali pano.

Pa Java fern ndikuchenjezeni ndi manyazi anga omwe. Nditangoyamba kumene ndinaona timadontho tabulauni titandandalika kunsi kwa masamba, ine n'kutenga sizasi kumeta onse, ati ndikuchotsa matenda. Chonsecho ndi mmene mbewuyi imaberekera! Mukaonanso timasamba ting'onoting'ono tikutuluka kunsonga kwa tsamba lokalamba, tisiyeni tikule kaye. Ndi ana amenewo, mudzawamangirira pamwala wina.

China ndi kuzizira kwa kuno ku Zomba. Mbewuzi zimasangalala madzi akakhala pa madigiri 22 mpaka 28, ndipo mu Juni ndi Julaye, chiperoni chikatsika m'phirimu, thanki yopanda hita imazizira kuposa pamenepo. Zikaima kukula nthawi imeneyo musadabwe. Sabata iliyonse sinthani kota ya madzi. Apampopi athu a ku Mulunguzi amathiridwa klorini, choncho agone kaye m'ndowa yosavundikira usana ndi usiku musanawathire.

Ngati nsomba zanu ndi mbuna, zija za m'miyala ya ku Nyanja ya Malawi, mwasankha bwino, chifukwa masamba a mbewu ziwirizi ndi olimba ndipo mbuna sizitha nawo msanga. Koma zimafukula mchenga kwabasi, ndiye mwala womangirirapowo ukhale wolemera ndithu. Mumchenga mwatsala mpatamo mukhoza kubzalamo Vallisneria, udzu wautali uja umene umamera m'nyanja yathu yomweyi. Umenewo ndiye mukwirire mizu, khosi lokha lizionekera, ndipo muutchinge ndi timiyala kuti mbuna zisauzule.