Musathamangire ku Lilongwe: yankho kwa woimba gitala wa ku Zomba

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina wa ku Zomba. M'bandi yawo alimo anayi: iyeyo pa gitala, mtsikana woimba, wa besi ndi wa ng'oma. Akuti amaimba rock, koma mawu a mtsikanayo amakokera ku soul, moti anthu akamva amafunsa ngati ndi nyimbo za kutchalitchi kapena zachizungu. Anajambula nyimbo ziwiri n'kuziika pa Facebook ndi pa YouTube, koma omvera ndi achibale ndi anzawo akusukulu basi. Funso lake ndi lakuti asamukire ku Lilongwe, kapena akongole ndalama ajambule chimbale chathunthu. Kumapeto anawonjezera kuti amasirira bandi ya ku America ya Alabama Shakes, omwe akuti anangotchuka usiku umodzi pa intaneti.

Achimwene, ndiyambira pomwe mwatherapo, chifukwa m'pamene pagona vuto lanu. Alabama Shakes sanatchuke usiku umodzi. Zinangooneka choncho kwa ife amene tinawamva atapsa kale.

Gululi linayamba mu 2009 ku Athens, katawuni ka kumpoto kwa Alabama ku America, komwe panthawiyo anthu ake sankafika ngakhale 25,000. Brittany Howard, woimbayo, ndi Zac Cockrell wa besi anadziwana kusekondale. Kenako anabwera Steve Johnson pa ng'oma, ndipo Heath Fogg, amene anali ndi bandi yakeyake, anawaitana kuti akamutsegulire shoo ku bala ina ya ku Decatur, kutsidya kwa mtsinje wa Tennessee. Anakwera nawo pasiteji usiku umenewo kuwathandiza gitala, ndiye sanachokenso. Panthawiyo ankangotchedwa The Shakes. Dzina la Alabama anaonjezera pambuyo pake ataona kuti mabandi ena ali ndi dzina lomwelo.

Tsopano taonani zimene ankachita masana. Howard ankagwira ntchito yogawa makalata ku positi. Johnson anali pa malo opangira magetsi a nyukiliya a Browns Ferry. Cockrell ankagwira ku chipatala cha ziweto, Fogg ankapenta nyumba. Loweruka usiku amanyamula zida n'kupita kukaimba m'mabala a m'dera lawo, kwa anthu amene anabwera kudzamwa osati kudzamvera iwo. Kuti adzaze maola, ankaimba nyimbo za James Brown, Otis Redding, Led Zeppelin ndi AC/DC, n'kumalowetsamo zawozawo pakatipakati. Anachita zimenezi zaka ziwiri zathunthu palibe kampani ya nyimbo imene inkawadziwa.

Ndikhala pang'ono pa nkhani yoimba nyimbo za eni ake, chifukwa ndikudziwa kuti achinyamata ambiri mumaiona ngati yochititsa manyazi. M'bala mulibe ulemu. Munthu ali ndi botolo m'manja, akukambirana za mpira, wakupatsani msana. Nyimbo imene akuidziwa ikalira amatembenuka. Mukamugwira choncho, mumamupatsa yanu. Akabwereranso ku nkhani ya mpira, mwadziwa kuti nyimbo yanuyo ili ndi pobowoka, mwina kolasi imachedwa kufika, mwina ng'oma ikuthamanga kusiya besi m'mbuyo. Mawa mukaikonza. Palibe situdiyo imene ingakuuzeni zimenezi, ndipo amalume anu pa Facebook adzangolemba kuti zili bwino mphwanga, pitirizani. Komanso rock yosakaniza ndi soul imafuna kuti wa besi ndi wa ng'oma azipuma mpweya umodzi, woimba akakoka mawu iwo amudikire, akakuwa iwo amunyamule. Zimenezo zimabwera ndi thukuta la mausiku ambiri.

Mu 2011 m'pamene zinthu zinasuntha. A Alabama Shakes anali atayamba kupita ku Nashville kukajambula ku situdiyo yotchedwa The Bomb Shelter, ya Andrija Tokic, akulipira okha pang'onopang'ono. Pakati pa chaka chimenecho Justin Gage, amene amalemba za nyimbo pa tsamba la pa intaneti la Aquarium Drunkard, anaika nyimbo yawo imodzi patsamba lake, ndipo makampani anayamba kuwasaka. Uwu ndiye usiku umodzi mukunenawu. Koma chimene chinawanyamula kwenikweni ndi chakuti aliyense amene anapita kukawaona maso ndi maso anapeza kuti pasiteji ndi oopsa kuposa pa chojambulidwacho. Patterson Hood wa gulu la Drive-By Truckers anawaonera mu shopu yogulitsa zimbale ku Florence, ku Alabama komweko, n'kuwatenga kuti azitsegulira mashoo a gulu lake. Mu September anatulutsa kachimbale ka nyimbo zinayi zokha. Mu October anakaimba ku New York pa chikondwerero cha nyimbo cha CMJ, nyuzipepala ya New York Times n'kuwayamikira, ndipo chaka chisanathe anali atasaina ndi kampani ya nyimbo ya ATO Records. Chimbale choyamba, Boys & Girls, chinatuluka mu April 2012. Chachiwiri, Sound & Color, cha 2015, chinakhala nambala 1 pa Billboard, mndandanda wa zimbale zotchuka ku America, n'kuwinanso mphoto zikuluzikulu za nyimbo za Grammy mu 2016.

Za Patterson Hood musazidumphe. Bambo ake, David Hood, anali woimba besi wa ku Muscle Shoals, dera la pafupi ndi Florence komwe kuli FAME Studios, kumene woimba soul wotchuka Aretha Franklin anajambulako mu 1967 ndipo Wilson Pickett ndi Etta James anadutsanso. Ndiye kuti amene anawatsegulira chitseko anali munthu wakwawo, wokulira m'mawu omwewo, amene anawapeza akuimba pakhomo. Akanathamangira ku Los Angeles mu 2009 akanakhala gulu limodzi mwa mazanamazana, ndipo lendi ikanawadya asanaphunzire kuimba limodzi. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Sindikunamizeni kuti Zomba ndi Athens. Anzathuwo anali ndi ntchito zolipidwa pamwezi, galimoto, misewu yabwino, ndi mabala amene ali kale ndi masipika. Kuno zida mumabwereka, mafuta mwina asowa, ndipo mwini malo amaona kuti DJ mmodzi ndi wotchipa kuposa anthu anayi ofuna chakudya ndi thiransipoti. Ine ndinaperekezapo anzanga ena ku shoo pa malo ena ogona alendo kunyanja. Nyimbo yachitatu ili pakati magetsi anathima, jenereta inakana kulira, mwini malo n'kunena kuti poti shoo sinathe salipira. Tinabwerera pa lole ya nsomba, ng'oma zili pamiyendo, fungo la usipa linakhala m'chikwama cha gitala mwezi wathunthu. Kuyambira pamenepo ndimauza aliyense kuti gwirizanani za ndalama musanatsitse chida ngakhale chimodzi, theka alipiriretu, ndipo zilembedwe ngakhale pa WhatsApp.

Komabe njira yomweyi kwathu kuno inayendedwapo. Taonani ma Black Missionaries a ku Chileka. Evison Matafale atamwalira mu 2001 ambiri ankati gululo latha, koma linakhalapo chifukwa chozungulira dziko sabata ndi sabata, m'maboma ndi m'matawuni ang'onoang'ono, mpaka anthu anazolowera kuti ma Blacks amabwera ndipo amaimba mpaka kucha. Awo ndi a reggae, inde, ndipo reggae ili ndi anthu ake kale. Rock ndi yovutirapo. Koma si yachilendo m'dera lathu lino monga amanenera ena: ku Zambia m'zaka za m'ma 1970 magulu ngati WITCH ndi Ngozi Family ankadzaza maholo ndi magitala olira mokalipa.

Ndiye ine ndikanakhala inu ndikanatenga mapu n'kuzunguliza malo amene mungafike ndi minibasi n'kubwerako mawa lake: Blantyre, Liwonde, Balaka, Mangochi, Mulanje. Zomba yokhayo ili ndi ophunzira a ku yunivesite, omwe makutu awo sachedwa kulandira zachilendo. Pezani malo amodzi amene angakupatseni tsiku lokhazikika, kaya Lachisanu loyamba la mwezi uliwonse, ngakhale ndalama ikhale yochepa. Anthu 30 amene abweranso mwezi wotsatira atatenga anzawo ndi chuma kuposa anthu 3,000 amene anadina pa kanema n'kudutsa. Tengani manambala awo, muziwauza nokha za shoo yotsatira. Gulu lalikulu likabwera m'dera lanu, pemphani kutsegulira, ndipo mukapatsidwa mphindi 20 muimbe mphindi 20, osapitirira, chifukwa amene amadya nthawi ya eni shoo saitanidwanso.

Ngongole ya chimbale ndikukanizani. Nyimbo khumi zojambulidwa mothamanga chifukwa maola a situdiyo akutha zidzakupwetekani kawiri, pomvera ndi pobweza. Dikirani mpaka mukhale ndi nyimbo zitatu kapena zinayi zimene anthu amaimba nanu osawapempha, mujambule zimenezo, nonse anayi m'chipinda chimodzi ngati zingatheke. Mukatero mukalembetse ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo, zisanayambe kuyenda m'mafoni.

Za funso la anthu lija, lakuti ndi za kutchalitchi kapena zachizungu, musavutike nalo. Soul inachokeradi kutchalitchi, m'makwaya a anthu akuda a ku America, ndiye amene akufunsayo khutu lake lamva bwino. Nawonso a Alabama Shakes ankatchedwa gulu lotsitsimutsa soul yakale, iwo n'kumakana kuti ndife a rock and roll chabe. Chimene sindinamve mu imelo yanu ndi chilankhulo chimene mtsikanayo amaimbira. Pa nyimbo ziwiri munanditumizira, yachiwiri ija ili ndi mzere umodzi wa Chichewa chakumapeto, ndipo m'pamene mawu ake anamasuka, ine mpaka ndinabwezera kawiri. Muyeseni aimbe vesi yonse choncho pa shoo yanu yotsatira, inu muli pa gitala muziyang'ana anthu a patebulo lakumbuyo, ndipo mundilembere zimene muone.