Yambani ndi masamba asanu, foni ili kutali

Achimwene, ngati mukufuna kuyambiranso kuwerenga mabuku, yambani ndi masamba asanu okha patsiku, foni mutaisiya m'chipinda china. Musathamangire buku lalikulu, tengani lalifupi lomwe munalikonda kale, ngakhale la ku sekondale.

Ine ndinabwerera ku mabuku motere. Kuno ku Salima masana kumatentha moti mutu sugwira, ndiye ndimawerenga m'mamawa ndisanayatse data. Ndikangotsegula WhatsApp basi, ola lonse lathera mauthenga a m'magulu. Buku lina limakhala m'chikwama, ndipo minibasi ikamadikira kudzaza pa Kamuzu Road ndimamaliza chaputala chathunthu.

Koma ngati zilembo zikuoneka mbuu, kapena mutu ukumapweteka mukawerenga pang'ono, musalimbane nazo. Pitani kuchipatala akakuyezeni maso, mwina akungofunika ndi magalasi.