Mlangizi Akuyankha: Maphunziro a Kasamalidwe ka Nthaka

Chilimwe chikafika, mabungwe ndi ife alangizi timaitanira alimi kumaphunziro ogonera konko, kutali ndi phokoso la m'tauni, kuti akaphunzire kuteteza nthaka. Mafunso awa achokera kwa alimi a kuno ku Zomba amene aitanidwa kapena abwerako kale.

Bambo wina wa ku Malosa akufunsa: "Atiitana kwa masiku angapo, koma akuti kulibe alawansi, ndi chakudya ndi pogona basi. Ndisiye ntchito zanga chifukwa cha zimenezi?"

Pitani bambo, koma muyambe mwafunsa ngati mukaphunzirire m'munda kapena m'kalasi mokha. Za nthaka sizilowa ndi choko. Munda wanu uli m'munsi mwa phiri, ndipo munaona nokha mu Malichi 2023 momwe namondwe wa Freddy anang'ambira zigwembe m'minda yotsetsereka. Dothi lachonde limene mumataya chaka ndi chaka limatsika ndi Domasi kukakwirira nyanja ya Chilwa, yomwe inaphwa mu 1995 ndiponso mbali yake yaikulu mu 2018. Feteleza amene mumagula modula amatsatira dothilo.

Ndiye mukafika, limbikirani chinthu chimodzi: kudula akalozera, mizere ikuluikulu yopingasa malo otsetsereka imene imatchinga madzi. Musabwereko musanagwire felemu ya A ndi manja anu. Ndi mitengo iwiri yofanana kutalika yomangidwa kumutu, wachitatu wopingasa pakati, ndi chingwe cholendewera chomangirira mwala. Imikani felemuyo pansi, lembani pamene chingwe chakhudza mtengo wopingasa uja. Tembenuzani, mwendo uwu ukhale pamene panali unzake, lembaninso. Pakati pa zizindikiro ziwirizo ndiye polingana. Anthu ambiri amadumpha zimenezi chifukwa cha changu, ndipo kalozera wawo amasonkhanitsira madzi malo amodzi mpaka kuphulika, chigwembe n'kuyambira pomwepo. Zimandiwawa kwambiri, chifukwa mlimi wotere sadzakhulupiriranso akalozera. Mukakhoma zikhomo mopingasa munda potsatira pamene felemu yaonetsa kuti ndi polingana, unjikani mzere waukulu wa kalozera, mizere ina yonse itsatire umenewo, motalikirana masentimita 75. Mvula ikakhazikika bzalani udzu wa vetiva mothithikana pakalozera, ndipo mutseke mizere ndi ngonyeka, timizere tating'ono topingasa pakati pa mizere, kuti madzi azilowa pansi. Izi zonse sizifuna ndalama, zimangofuna thukuta ndi wina wokugwirirani felemu.

Mayi wina wa ku Thondwe akuti: "Anatiphunzitsa mtayakhasu, kuti tiziphimbira munda ndi mapesi. Ine ndikuopa chiswe."

Mantha anu ndi omveka mayi. Komatu chiswe chimakonda zouma. Chikapeza mapesi pansi chimatanganidwa nawo, n'kumawafumbutsa kukhala manyowa. Chimaukira kwambiri chimanga pamene nthaka ili mbee, yopanda chinyezi, makamaka pang'amba kapena chimanga chikayamba kuuma. Choncho musachedwe kukolola. Adani enieni a mapesi anu ndi moto wa osaka mbewa ndi ziweto zongotayirira mukakolola, ndipo amenewa simungathane nawo nokha. Pitani ndi anzanu kwa amfumu mukapangane malamulo a m'mudzi. Muyambe ndi kachigawo kochepa kamene mungakaphimbire bwinobwino, osati munda wonse ndi timapesi tapatalipatali. Ngati malo anu ndi a lowe, mosachedwa kudikha madzi, musaphimbirepo.

Mnyamata wina wa ku Dzaone akudandaula kuti anabzala gliricidia, mtengo wobwezeretsa chonde m'nthaka, atachoka kumaphunziro chaka chatha, koma chimanga sichinasinthe.

Musaidule achimwene, nthawi yoti phindu lake lioneke sinakwane. Mtengo umenewu unayesedwa kuno kwathu konkuno, kumalo a kafukufuku wa zaulimi ku Makoka, kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo zinaoneka kuti phindu lake limayamba kudziwika pakadutsa zaka ziwiri kapena zitatu. Komanso chonde chili m'masamba, osati pongoima mtengowo. Muzisadza nthambi m'munsi, pafupifupi masentimita 30 kuchokera pansi, n'kukwirira masamba ndi nsonga zanthete m'mizere musanabzale, kenaka musadzenso chimanga chili kumunda kuti chisatchingidwe dzuwa. Timitengo totsala ndi nkhuni, mayi kunyumba apumeko ulendo wa kuphiri. Podikirapo bzalani nandolo pakati pa chimanga monga tichitira kale kuno kummwera, ndipo masamba ake akayoyoka musawatenthe. Feteleza musamusiyiretu, wochepa amene mungakwanitse amagwira bwino ntchito akakumana ndi masamba ovunda.

Ngati pali mipata pamene mitengo ina inafa, fesani nazale masabata 6 mpaka 8 mvula isanayambe, kuti mbande zidzakhale zokhwima pofika nthawi yowokera. Mbewu yake kafunseni kwa mlangizi wa dera lanu kapena mlimi wotsogolera wa m'mudzi mwanu.