Funsani Aphunzitsi: makalata a tsiku la 15 Januwale

Mvula yakhala ikugwa masiku anayi osalekeza kuno ku Mulanje, phiri labisala, ndipo ine ndangokhala pakhonde ndi makalata anu. Atatu mwa makalatawa akufunsa za tsiku limodzi, lokumbukira John Chilembwe, ndiye ndati ndiwayankhire pamodzi. Amene munafunsa za anankafumbwe ndi za mlandu wa malire a munda, pepani, mudikire mwezi wamawa.

FUNSO: Aphunzitsi, mwana wanga wamkazi anabadwa pa 15 Januwale, chaka chino akukwanitsa zaka 11. Anzake kusukulu amamutcha Nachilembwe, ndipo iye amauza aliyense kuti anabadwa tsiku limodzi ndi munthu wa pa ndalama. Tsiku lina anandifunsa kuti kodi Chilembweyo anabadwa tsikuli kapena anafa tsikuli? Ine ndinangoti pita ukatunge madzi. Ndimuyankhe chiyani?
Mayi wa ku Luchenza

YANKHO: Amayi, musachite manyazi. Nanenso ndili pachoko, mwana akandipanikiza ndi funso ndinkati tulukani nonse mukasese panja. Koma mwana wanuyu wafunsa zanzeru, ndipo yankho lake ndi lakuti ayi konsekonse. Mbusa John Chilembwe anabadwa cha m'ma 1871 ku Chiradzulu, nthawi imene makolo athu ankawerengera zaka za mwana ndi njala, dzombe kapena nkhondo, osati ndi kalendala. Pa 15 Januwale ndi tsiku limene boma linapatula kuti tizimukumbukira, ulamuliro wa zipani zambiri utabwera. Masiku amene zinthu zinachitikadi ndi awiri, 23 Januwale ndi 3 Febuluwale, chaka cha 1915. Lachiwirilo ndi lathu ife a kuno, ndifotokoza chifukwa chake.

Chilembwe ali mnyamata, mu 1892, analowa ntchito kwa mmishonale wina dzina lake Joseph Booth, mzungu amene azungu anzake sankamukonda chifukwa ankanena poyera kuti dziko la anthu akuda ndi la anthu akuda. Mu 1897 Booth anamutenga kupita naye ku America. Kumeneko anaphunzira zaubusa ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia, nabwerako mu 1900 kudzakhazikitsa Providence Industrial Mission, imene tonse timangoti PIM, pa Mbombwe. Anatsegula masukulu, anamanga tchalitchi chachikulu cha njerwa, ndipo ankafuna anthu ake azivala bwino, azidziwa kuwerenga, azilima zogulitsa. Munthu wa mfuti sanali poyamba, anali munthu wa Baibulo ndi bolodi.

Chinamusintha ndi thangata. Mawuwa kale anali abwino, ankatanthauza kuthandizana ntchito. Atsamunda atatenga malo anawapotoza: aliyense wokhala pa esiteti azigwira ntchito kwa mwini malo m'malo mwa lendi, kuwonjeza pa msonkho wa nyumba, ndipo miyezi yogwirayo inkakwera monga wafunira bwana. Ndiye ntchitoyo inkafunika nthawi ya dzinja, pamene munthu akanakhala akupalira chimanga chake. Ambiri amene goli limeneli linawagwera anali Alhomwe amene anali atangolowa kumene kuthawa nkhanza za Apwitikizi. Agogo anga aakazi ankasimba kuti anawoloka Ruo ali kumbuyo kwa amayi awo, ndipo mawu akuti thangata sankawatchula mokweza ngakhale atakalamba, ankayamba acheuka kaye. Pafupi ndi Mbombwe panali minda ya A. L. Bruce ku Magomero, imene ankaiyang'anira William Jervis Livingstone, munthu amene mbiri yake ya nkhanza inafika kutali. Matchalitchi audzu amene anthu a PIM ankamanga m'mindamo ankatenthedwa.

Kenaka inabwera nkhondo ya 1914, anthu akuda n'kuyamba kufa ku Karonga pomenyana ndi Majeremani. Mwezi wa Novembala chaka chomwecho Chilembwe analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times, kudandaula kuti amphawi opanda kanthu m'dziko lawo lomwe akutumizidwa kukafera nkhondo imene si yawo. Palibe anamumvera.

Usiku wa Loweruka pa 23 Januwale 1915 anthu ake ananyamuka. Gulu lina linapita ku Magomero, linapha Livingstone ndi kumudula mutu, ndipo azungu ena awiri aamuna anaphedwanso. Akazi ndi ana a azunguwo sanawavulaze, chifukwa ndi momwe Chilembwe anawalamulira. Gulu lina linapita ku Blantyre kukathyola nyumba yosungira zida ya Mandala, koma linabwerako ndi mfuti zochepa chabe. M'mawa mwake, Lamulungu, Chilembwe analalikira mutu uja uli pamtengo m'tchalitchi. Mbali imeneyi ambiri olankhula pa misonkhano amailumpha. Ine sindiilumpha, chifukwa munthu tikamutsuka kwambiri amasanduka chithunzi, ndipo ana sakhulupirira chithunzi. Koma mwana wa zaka 11 mukhoza kumusungira kaye mpaka alowe sekondale, mayi ndinu, mukudziwa mtima wake.

Sizinatenge masabata awiri. Asilikali anafika pa Mbombwe, tchalitchi chija anachiphwasula ndi mabomba, Chilembwe n'kuthawira chakuno kulunjika malire a Mozambique. Pa 3 Febuluwale apolisi achikuda anamupeza m'dera la Mulanje, namuwombera. Anamuika m'manda mwakachetechete, opanda chizindikiro, kuopa kuti anthu angamapiteko. Otsatira ake pafupifupi 40 ananyongedwa kapena kuwomberedwa, ena pafupifupi 300 anaponyedwa m'ndende, ndipo PIM inakhala yotseka mpaka mu 1926 pamene Dr Daniel Malekebu anadzaitsegulanso. Ndiye mukaona mapemphero a chaka ndi chaka akuchitikira ku Chiradzulu, dziwani kuti munthuyo anagwera pa nthaka yathu ino. Zimandiwawa pang'ono kuti pa 3 Febuluwale kuno kumangocha ngati masiku onse, mabasiketi akulira belu pa Chitakale, wina osakumbuka n'komwe.

Tsono mwanayo musamulande chimwemwe chake. Muuzeni kuti ngakhale Chilembwe sanabadwe tsikulo, alipo mbusa wina wa Baptist, wakuda ngati ife, amene anabadwadi pa 15 Januwale: Martin Luther King Jr., mu 1929 ku Atlanta. Iyeyu anamenyera ufulu wa anthu akuda ku America osagwira mfuti, koma naye anafa ndi chipolopolo mu 1968 ali ndi zaka 39. Mtsogoleri wakale wa Egypt, Gamal Abdel Nasser, anabadwanso tsiku lomweli mu 1918. Ndipo ngati mtsikanayu amakonda kugwira foni yanu, mumuuze kuti Wikipedia ndi mnzake wobadwa naye tsiku limodzi, inayamba mu 2001.

Za keke musavutike nazo, Januwale tonse tikumudziwa, ufa uli pansi pa thumba ndipo fizi yangotikolopa kumene. Zitumbuwa ndi chinanazi chimodzi zikwanira. Mutulutse K500 kapena K2,000 ayang'ane nkhope ya mbusayo, kenaka mumusimbire za chipewa. Nthawi imeneyo munthu wakuda akakumana ndi mzungu ankayenera kuvula chipewa. Pali chithunzi cha 1914 chimene Chilembwe waima ndi mmishonale wachizungu John Chorley, chipewa chili pamutu osavula. Mmalawi mnzathu Samson Kambalu anaumba chiboliboli potengera chithunzi chimenecho, ndipo mu 2022 chinaimikidwa pa Trafalgar Square, pakati penipeni pa London, Chilembwe ali wamtali kuposa mzunguyo. Ndikanakhala ine, Nachilembwe ndikanamugulira chipewa cha pa kaunjika.

FUNSO: Ndimatchola tiyi pa esiteti ina kuno ku Thyolo. Chaka chatha pa 15 Januwale tinagwira ntchito tsiku lonse mvula ili pamsana. Titafunsa, akapitawo anati masamba sadziwa holide. Malipiro atabwera sindinaone kusiyana kulikonse. Kodi tchuthi chimenechi ndi cha a m'maofesi okha?
Wotchola tiyi, Thyolo

YANKHO: Achimwene, akapitawo anu ananena zoona theka. Masamba sadziwadi holide. Miyezi ino ya mvula ndi pamene tiyi amaphuka mothamanga, ndipo inu mukudziwa kuposa ine kuti chofunika ndi timasamba tiwiri ndi kansonga. Mukachedwa masiku ochepa tsamba lakhwima, pa sikelo alikana, ndipo lotcholedwalo silingagone m'dengu, liyenera kufika ku fakitale lisanatenthe. N'chifukwa chake maesiteti ambiri saima tsikuli.

Theka limene sananene ndi ili: masamba sadziwa holide, koma lamulo limaidziwa. Lamulo la zantchito la mu 2000 likuti wogwira ntchito pa tsiku la tchuthi cha boma alipidwe mowirikiza kawiri. Silinena kuti a tayi okha. Ndiye chaka chino chitani izi. Lembani m'kabuku makilogalamu amene mwakweza tsikulo ndi nthawi imene mwayamba ndi kuweruka, musunge kapepala ka malipiro, ndipo mufunse oimira bungwe la ogwira ntchito pa esiteti panupo kuti tsiku la tchuthi amaliwerengera bwanji kwa anthu olipidwa potengera makilogalamu. Mufunse mwaulemu, muli awiri kapena atatu, osati pa sikelo anthu akukankhana. Zikakanika, ofesi ya zantchito ili pa boma, kulowamo salipiritsa. Dziwaninso kuti tchuthi chikagwera Loweruka kapena Lamulungu, boma limachisunthira Lolemba lotsatira, ndiye muzimvetsera wailesi kuti mudziwe tsiku loyenera kulilemba.

Kalata yanuyi ndaiwerenga kawiri. Thangata linathetsedwa mu 1962, anthu a kwanu ku Thyolo atalimbana nalo mpaka kukhetsa mwazi mu 1953. Tsiku limene mukufunsalo analiika pokumbukira munthu amene anafera nkhani ya thukuta la m'minda ngati mmene mukugwiramo inumo. Pa anthu onse a m'dziko muno, amene sayenera kuchita manyazi pofunsa ndalama ya tsikuli ndi inu.

FUNSO: Agogo anga amalimbikira kuti tsiku la Chilembwe ndi 3 Malichi, pamene kusukulu tinaphunzira kuti ndi 15 Januwale. Tinakangana mpaka anandimana mbatata. Wolondola ndani?
Mnyamata wa Fomu 2, Limbuli

YANKHO: Mwana wanga, pa mayeso ulembe 15 Januwale, koma agogo akowo ukawapepese, sakunama. Pa 3 Malichi ndi tsiku lokumbukira anthu ofera dziko. Tsikulo mu 1959 bwanamkubwa Robert Armitage analengeza lamulo la chipwirikiti, Dr Kamuzu Banda ndi atsogoleri ena a Congress anamangidwa, ndipo ku Nkhata Bay asilikali anawombera anthu amene anasonkhana padoko. M'nthawi ya chipani chimodzi kunalibe tsiku lapadera la Chilembwe, dzina lake tinkalimva pa 3 Malichi pomwepo. Wailesi ya MBC inkaulutsa sewero la moyo wake ndi nyimbo zachisoni, ndipo tsikulo kunalibe kugwira khasu, kumwa mowa kapena kuseka mokweza panjira, chifukwa ayufi ankazungulira. Kwathu tinkakhala pansi pa mtengo wa mango, wailesi ili pampando, mabatire titawaanika padzuwa dzulo lake kuti asatithere pakati pa sewero. Amayi anga ankaphikiratu ndiwo usiku, ngakhale mtondo sunkamveka m'mudzi monse. Munthu amene anakula choncho sungamuuze kuti Chilembwe ndi wa Januwale.

Upite ndi kabuku, uwafunse kuti pa 3 Malichi ankakhala kuti, wailesi inali ya ndani m'mudzimo, ndipo ndani anagwidwapo akulima. Ulembe zonse, unditumizire. Mbatata ija akupatsa.